Tikufuna kutchinga mfuleni ku Domué, akuti tiyambe tapeza konsulitori

Abambo Mbewe (Domué): Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya kagulu kathu ka alimi a mbatatesi. Madimba athu ali m'mbali mwa mfuleni wina wotsikira kudambo, kumunsi kwa phiri la Domué. Madzi amayamba kuchepa mu Ogasiti, pofika Okutobala timakhala tikukanganirana zithaphwi. Tagwirizana zomanga kakhoma ka simenti kotchinga madzi n'kuikapo motobomba ziwiri, mapampu a injini aja. Amene akufuna kutithandiza ndalama ati satulutsa kanthu tisanawaonetse lisensa ya zachilengedwe ndi ya madzi, ndiye akuti tifune konsulitori. Kodi munthu ameneyu amagwira chiyani kwenikweni? Mfuleni wake ndi woti mwana amalumpha, malonso ndi a makolo athu. Odziwa tiunikireni.

Zakeyu: Abambo, amenewo ndi odya ndalama basi. Ine ndimamanga nyumba kuno ku Ulongué, ndawaona. Wina anabwera pa ntchito ina ya nyumba yosungiramo katundu, anaima pamsewu, kujambula zithunzi, ulendo. Nsapato zake sizinaone matope. Atatumiza lipoti lake, mkati munali dzina la mtsinje wa dera lina, kusonyeza kuti anangokopera ya ntchito ina. Chaka chotsatira madzi analowa m'nyumbamo mpaka m'mawondo.

Inês: Dikirani achemwali Lúcia ayankhe, ntchito yawo ndi yomweyi.

Lúcia (Tete): Zikomo Inês. Abambo Mbewe, moni. Achimwene Zakeyu sananame, oterowo alipo ndipo amatichititsa manyazi. Koma ndiyambe ndi funso lanu.

Makomo amene mugogode ndi awiri. Loyamba ndi la madzi. Lamulo la madzi, Lei 16/91, limati kutunga madzi akumwa, kumwetsa ziweto ndi kuthirira kadimba popanda makina n'kwaulere, sikufuna pepala lililonse. Ndi chifukwa chake palibe amene anakufunsanipo lisensa pamene munkathirira ndi ndowa. Koma mukamanga khoma pakati pa mtsinje, kapena mukaika motobomba, mwatuluka m'gulu limenelo. Pamenepo mukufunika chilolezo cha a ARA, ofesi ya boma yoyang'anira madzi, amene ambiri timawatchulabe ARA-Zambeze, ndipo ndondomeko yake ili mu Decreto 43/2007.

Lachiwiri ndi la zachilengedwe. Muzu wake ndi Lei 20/97, koma chimene timagwira m'manja tsiku ndi tsiku ndi Decreto 54/2015. Imagawa ntchito m'magulu anayi: A+, A, B ndi C. Za A+ ndi A zimafuna kafukufuku wamkulu, EIA. Za B zimafuna wachidule, EAS. Za C zimangofuna kuti mulembe ndi kutsatira njira zabwino zosamalira malo. Chonde mvetsani ichi: gulu sasankha ndi konsulitori. Mumapereka mapepala ku Serviço Provincial do Ambiente, ofesi ya chigawo yoona zachilengedwe, iwo amaona malo, n'kukuyankhani ndi kalata. Musalipire munthu ndalama ya kafukufuku kalata imeneyo isanatuluke.

Abambo Mbewe (Domué): Amayi, pamenepa mwatipulumutsa. Wina anatiuza kale mtengo wa EIA pafoni, malo asanawaone.

Lúcia (Tete): Ameneyo mufunseni satifiketi yake. Aliyense wochita kafukufukuyu amayenera kulembetsedwa ku unduna woona zachilengedwe, ndipo pepalalo limatha ntchito, amalikonzanso. Akazengereza kukuonetsani, musiyeni.

Komanso ndisakunamizeni kuti kuchepa kwa khoma ndiye kuti muli mu C. Amayang'ana kukula kwa ntchito, amayang'ananso pamene yakhala. Madambo ndi malo amene anthu amatungapo madzi akumwa amawerengedwa ngati malo osachedwa kuwonongeka, ndiye akhoza kukukwezani gulu.

Zakeyu: Nanga malo a makolo aja? Munthu pakhomo pake azipemphanso?

Lúcia (Tete): Munda ndi wawo, achimwene. Lamulo la malo, Lei 19/97, limavomereza malo amene anthu akhalapo mwa chikhalidwe chawo ngakhale alibe pepala la DUAT, la ufulu wogwiritsa ntchito malo. Koma lamulo lomwelo limapatula malo ena amene munthu sangatengerepo DUAT: mkati moyenda madzi, mamita 100 kuzungulira kasupe, mamita 250 kuzungulira damu ngati la Cahora Bassa. Mitsinje yoti mabwato amayendamo ilinso ndi mamita 50 m'mbali mwake. M'malo oterewa ntchito imachitika ndi chilolezo chapadera. Ndiye ngati khomalo likhale pafupi ndi pamene mfuleni akutumphukira, nkhani ya mamita 100 ikukukhudzani.

Nangozo: Pepani ndilowerere. Abambo Mbewe, mfuleni mukunenayu akatsika amadutsa midzi ingati asanakalowe mumtsinje waukulu? Ndikufunsa chifukwa mayi anga ali ndi dimba kumunsi kwa mfuleni wina cha komweko. Chaka china anthu a kumtunda anatchinga ndi matumba a mchenga okha, osati simenti. Pasanathe mwezi zitsime za m'madimba a kumunsi zinauma gwaa. Kabichi anafota ali pafupi kukulunga. Ng'ombe anyamata ankapita nazo kutali, kubwera dzuwa litapendeka. Palibe anabwera kudzafunsa. Titadandaula anati madzi ndi a Mulungu. Inde ndi a Mulungu, koma Mulunguyo anawapatsa a kumtunda okha?

Abambo Mbewe (Domué): Amayi, midzi ya kumunsi ilipo iwiri. Mafumu ake tinawauza, anavomera.

Nangozo: Mafumu anavomera. Nanga amayi othirira? Nanga odula mlulu wa mphasa? Kudambo kwathu kuli mtapo umene agogo anga ankakumbapo dothi la mbiya, mpaka lero anthu akuumba. Mfumu sipita kumtapo.

Inês: Apa achemwali mwalasa.

Lúcia (Tete): Zimene anena amayi Nangozo ndiye mtima wa ntchito yathu, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa anthu amaganiza kuti konsulitori ndi wolemba mapepala.

Funso loyamba pa malo ngati anuwo ndi lakuti dambo layambira pati, lathera pati. Munthu wobwera mu Okutobala, moto utadutsa, amaona bwalo louma, ng'ombe zikuyenda, n'kulemba kuti palibe madzi. Koma dothi limasunga umboni. Timakumba timaenje motsatana kuchokera kumtunda kutsikira pakati, kuya kwake ngati masentimita 50. Kumtunda dothi limakhala lofiira kapena lakatondo. Ukamatsika umayamba kupeza lotuwa, lokhala ndi mawanga a dzimbiri, makamaka m'mene munadutsa mizu. Chimachitika n'chakuti madzi akakhalitsa m'dothi mpweya umasowa, chitsulo cha m'dothimo chimasungunuka n'kuchoka, dothi n'kutuwa. Pamene mpweya walowanso chitsulo chija chimachita dzimbiri. Mawanga amenewo satha ndi chilimwe chimodzi. Ukawapeza pafupi ndi pamwamba, dziwa kuti pamenepo madzi amagona chaka ndi chaka, ngakhale lero pali fumbi. Pakati penipeni ndiye pamakhala dothi lakuda lonyata, nthawi zina lonunkha.

Kenaka zomera. Bango, mlulu, kanjedza, katope, zonsezi zimakuuza za madzi apansi. Timayang'ananso zinyalala zokodwa m'nthambi, chifukwa zimasonyeza pamene madzi osefukira anafika. Timayeza madzi oyenda: pa mfuleni waung'ono ndowa ya malita 20 ndi wotchi zimakwana, kuona kuti yadzaza m'masekondi angati. Chiwerengero cha mu Okutobala chimakuuzani madzi amene mungagawane. Cha mu Febuluwale chimakuuzani mphamvu imene khoma lanu lidzalimbane nayo. Mukakhala ndi chimodzi chokha, mudzamanga khoma lolanda anzanu madzi kapena lokokoloka.

Ndipo pali zimene ndowa ndi khasu sizingakuuze. Chitsime chiti chimauma pomaliza, chaka cha chilala anthu ankatunga pati, madzi anafika pati chaka cha chigumula. Zimenezo amadziwa ndi amayi achikulire ndi abusa a ng'ombe. Ine ndikafika pamalo ndimapempha kuti ayende nane iwowo, osati komiti yokha.

Malume Jere: Mwana wanga Lúcia walankhula zoona. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ife tikukula, dambo la kwathu ku Tsangano sitinkalima pakati, tinkalima m'mphepete. Pakati panali pa ng'ombe nthawi ya chilimwe ndi pa udzu wofolera. Anabwera ena n'kukumba ngalande pakati kuti madzi achoke abzale msanga. Ngalande ija lero ndi chigwembe choti munthu akaimamo saoneka. Madzi apansi anatsika nacho, madimba a m'mphepete anauma. Ena anabzala bulugamu kumutu kwa kasupe, kasupe anatha. Abambo Mbewe, yang'anani kaye kumutu kwa mfuleni wanuyo. Mwina madzi akuchepa chifukwa cha zimene zachitika kumeneko, ndiye khoma silingabweze.

Abambo Mbewe (Domué): Malume, bulugamu alipodi kumtunda, wa munthu wina wochita za fodya. Sitinaganizepo.

Zakeyu: Chabwino, zonsezo ndamva. Koma ndifunse mosabisa. Ku Chifunde ndi ku Macanga okumba golide asandutsa mitsinje kukhala phala, ena akugwiritsa merikyuri. Malole akutapa mchenga m'mitsinje usana ndi usiku. Ku Moatize fumbi la malasha lili pamadenga. Onsewo ali phee. Koma mlimi wa mbatatesi akafuna kakhoma kofika m'chiuno, abweretse mapepala. Chilungamo chili pati?

Tomás (Moatize): Achimwene Zakeyu, pa za Moatize ndiyankhe ine, ndimakhala konkuno. Migodi ikuluikulu ija mapepala inali nawo, ma EIA okhuthala. Vuto silinali kusowa kwa pepala. Anthu a ku Capanga ankakhala m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè: ankalima kawiri pachaka chifukwa cha chinyontho, ankapha nsomba, ankaumba njerwa, msika wa ku Tete ndi wa ku Moatize uli pafupi. Atawasamutsira ku Mualadzi chifukwa cha mgodi wa Benga anapeza nyumba za simenti koma mtsinje kulibe, madzi ovuta, nthaka youma. A ku Cateme, amene anasamutsidwa chifukwa cha mgodi wa Vale, mu Januwale 2012 anafika potseka njanji ya sitima ya malasha. Chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012 ya kasamutsidwe ka anthu. Nyumba anawerenga, mitengo ya mango anawerenga, koma zimene mtsinje unkapatsa banja lililonse sizinalowe bwino m'masamu. Ndiye ine ndikamva amayi Nangozo akunena za mtapo ndi mlulu, ndikuona nkhani yomweyo, kungoti yaing'ono.

Lúcia (Tete): Achimwene Zakeyu, kukwiya kwanu n'komveka. Oyendera ngati a AQUA, bungwe la boma loona ngati malamulo a zachilengedwe akutsatidwa, alipo, koma chigawo chathu n'chachikulu ndipo zambiri zimadutsa osaonedwa. Sindingateteze zimenezo. Koma taonani amene apwetekedwe ndi khoma la abambo Mbewe likamangidwa molakwika. Si mwini mgodi. Ndi mayi wa m'mudzi wotsatira, amene mwina amapemphera tchalitchi chimodzi ndi iwo. Ndipo mawa wina wa ndalama zambiri akadzaika pampu yaikulu kumtunda kwawo, chimene chidzawateteze ndi lisensa yomweyo, chifukwa a ARA adzakhala akudziwa kuti pamenepo pali kale anthu ogwiritsa madzi.

Pali china chimene ndiyenera kunena poyera, chifukwa chimandivutitsa. Konsulitori amalipidwa ndi mwini ntchito. Mwini ntchito amafuna lisensa msanga. Ndiye pamakhala chikoka choti ulembe zomukomera, upite nthawi ya chilimwe pamene msewu uli bwino, msonkhano uchite ndi anthu ochepa omvana naye. Pa A+ lamulo linaika akatswiri oima paokha oti aunikenso ntchito ya konsulitori. Pa ntchito zazing'ono mlonda weniweni ndi anthu a m'mudzi pamsonkhano. N'chifukwa chake msonkhano uja musamautenge ngati mwambo wongosainira.

Nangozo: Msonkhano wake uti, achemwali? Umene ndinakhalapo ine unachitika m'Chipwitikizi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Womasulira ankangodula mitu. Amayi tinakhala kumbuyo pansi, pepala la mayina linazungulira, tinadinda zala, basi. Tinamva pambuyo pake kuti tavomereza.

Lúcia (Tete): Umenewo sunayende m'njira yake. Pa magulu A+, A ndi B kufunsa anthu n'kokakamiza, ndipo uthenga uyenera kulengezedwa masiku 15 msonkhano usanachitike, kuti anthu akonzeke. Zimene anthu anena zimalembedwa n'kulowa mu lipoti lopita ku boma. Muli ndi ufulu wonena kuti zimene ndanenazi zilembedwe, ndipo muwerengereni zimene mwalemba tisanadinde. Pepala la mayina limasonyeza kuti munalipo, silisonyeza kuti mwavomera. Ine ndimapempha kuti amayi tikhale nawo paokha kaye, m'Chichewa, nthawi yoti abwerako kudimba, chifukwa pamaso pa apongozi ndi mafumu ambiri salankhula. Ngakhale abambo Mbewe atagwera mu C, pomwe msonkhano sukakamizidwa, ndingawalangize kuti auchitebe.

Aphunzitsi Gervásio: Ndawerenga zonse, ndiwonjezereko za kumunsi kwenikweni. Madzi ambiri a kuno kumapiri a Angónia ndi Tsangano amathera mu Revúbuè, amene amakalowa mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Tonse tikukumbuka Malichi 2019 pamene anasefukira ku Chingodzi, ndi Januwale 2022 pamene namondwe Ana anadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula inali yoopsa, sindikunena kuti madambo akanaletsa zonse. Koma dambo lamoyo lili ngati chinkhupule, limamwa madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Likang'ambidwa ndi zigwembe, madzi amathamanga tsiku limodzi, mu Okutobala n'kusowa. Dziko lathu linalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 2004, ndipo malo odziwika ndi a ku Marromeu ndi nyanja ya Niassa. Ana kusukulu amaloweza amenewo, koma dambo la kuseri kwa sukulu yawo saliwerengera.

Abambo Mbewe (Domué): Aphunzitsi zikomo. Koma abale, tisachoke pa vuto lathu. Ife tikufuna madzi. Mbewu ya mbatatesi ndi yodula, feteleza ndi wodula, ndipo mbatatesi ya chilimwe ndi imene imatipatsa ndalama ya sukulu ya ana. Mukatiuza kuti tisamange, tidye chiyani?

Lúcia (Tete): Sindinati musamange, abambo. Ntchito yathu ili ndi ndondomeko: choyamba kupewa kuwononga, zikakanika kuchepetsa, kenaka kukonza powonongeka, pomaliza kubwezera. Pa inu zikhoza kutanthauza zinthu zingapo, malinga ndi zimene malo anene. Khoma likhoza kusunthidwa kuchoka pakati pa dambo kupita pamene mfuleni wadutsa pamwala, pomwe maziko ndi olimba ndipo simumiza madimba a anthu. Likhale lalifupi, lokhala ndi potayira madzi osefukira, ndipo pansi pake pakhale paipi yosatsekedwa kuti a kumunsi azilandira gawo lawo ngakhale mu Okutobala. Mwinanso m'malo motchinga mfuleni yense mungapatutse madzi nthawi imene ali ambiri n'kuwasunga m'dziwe lokumbidwa pambali. Motobomba ikhale kutali ndi madzi, pa simenti, kuti dizilo ndi oyilo zisadonthere mumfuleni. Mankhwala opopera mbatatesi musamatsukire m'madzimo. Muganizirenso za bulugamu uja amene anena malume.

Mwina mudzapeza kuti madzi a mu Okutobala sangakwane motobomba ziwiri. Ngati ndi choncho, ndi bwino mudziwe simenti musanagule.

Zakeyu: Za paipi yapansi ndikugwirizana nazo, koma ndikudziwa anthu. Madzi akachepa wina adzapita usiku n'kuitseka ndi chisaka.

Nangozo: Ndiye m'komiti yoyang'anira khomalo mukhale anthu a midzi ya kumunsi, amayi akhalemo. Ndipo zilembedwe pamaso pa mafumu onse atatu ndi a chefe da localidade, osati pakamwa.

Malume Jere: Zimenezo n'zotheka. Kale pogawana madzi a m'ngalande tinkapangana masiku, wophwanya ankalipa nkhuku kubwalo.

Abambo Mbewe (Domué): Vuto lina ndi nthawi. Otithandizawo akufuna ntchito iyambe mvula isanagwe, akuti ndalama zawo zili ndi malire a chaka. Amayi Lúcia mukuti mpaka muone madzi a mu Febuluwale.

Lúcia (Tete): Auzeni zoona zake. Zoyeza za chilimwe zikhoza kuchitika panopa, ndipo ino ndiyo nthawi yake yabwino yoona kuchepa kwa madzi. Mapepala akhoza kulowa panopa. Koma kukula kwa potayira madzi sikungadziwike bwino munthu asanaone mfuleni atadzaza, kapena asanayende ndi anthu omuonetsa pamene madzi anafika zaka za mvula yambiri. Wopereka ndalama amene anakufunsani yekha lisensa ayenera kumvetsa zimenezi. Apempheni kuti chaka chino alipire kuyeza, misonkhano ndi mapepala, kumanga kudzayambe mvula ikatha, cha mu Meyi kapena Juni. Simenti yothiridwa mothamanga mu Novembala imakumana ndi madzi oyamba isanalimbe.

Zakeyu: Pamenepo ndiye sinditsutsa. Khoma la m'madzi limafuna kumangidwa pouma, lipatsidwe nthawi.

Inês: Achemwali, alembereni zoti atenge popita ku ofesi, asakabwerere panjira. Kuchoka ku Domué kufika ku Tete si pafupi.

Lúcia (Tete): Asanakwere chapa ayambire ku boma ku Ulongué, ku SDPI, ofesi ya mapulani ndi zomangamanga, ndi ku SDAE, yoona zaulimi ndi zachuma, kuti atekiniko a m'boma adziwe ndi kuwapatsa kalata. Zopita nazo ku Tete: kalata yopempha, kufotokoza mwachidule chimene akufuna kumanga ndi chifukwa chake, mahekitala amene adzathirire, mphamvu ya motobomba, mapu kapena manambala a GPS a pamalopo, mapepala a kagulu kawo, chosonyeza za malo, ndi mtengo wa ntchito yonse. Pali fomu yotchedwa Ficha de Informação Ambiental Preliminar, amadzaza ndi kupereka limodzi. Pa fomuyo alembe zoona kuti pali dambo ndi midzi iwiri kumunsi. Akabisa, atekiniko akadzabwera n'kuzipeza, ntchito imabwerera pachiyambi. Manambala a GPS foni iliyonse yamakono imatulutsa, mwana wa sukulu awathandize.

Abambo Mbewe (Domué): Ndalemba zonse. Loweruka tili ndi msonkhano wa kagulu, ndikawawerengera. Ena sakakondwa ndi zodikira mpaka Meyi, makamaka amene anatenga kale ngongole ya mbewu, ndiye sindikulonjeza kuti zikadutsa mosavuta. Amayi Nangozo, ndikulemberani kumbali mundiuze mudzi wa mayi anu, tione ngati ndi mfuleni yemweyu. Achimwene Zakeyu, paipi yapansi ija imakhala yaikulu bwanji?

Zakeyu: Zitengera madzi amene achemwali akapeze ndi ndowa yawo ija. Akakupatsani chiwerengero munditumizire, tiwerengere limodzi ndi matumba a simenti.